Nsapato Zobiriwira za Belkacem

Amene amati Belkacem anali wamakani sakudziwa kanthu. Munthu uja anali mmisiri, basi. Anachoka kwawo ku Tlemcen, m'dziko la Aluya, ndi nsingano ndi mpeni, nakhala zaka khumi ndi zisanu m'kachipinda ka ku Goutte d'Or, dera lina la mu Paris, akusoka zidendene za nsapato za anthu a mumzindawo osamupatsa ndi moni womwe.

Ndiye mu 1914 nyumba ina ya zisudzo inakonza sewero loimba, lanthabwala, lotengedwa m'nthano za Aluya: mfumu yawo sulutani, msika, ngamila zamapepala. Mayi Vachot, woyang'anira zovala, anamuuza kuti asokere oimba onse nsapato zakwawo zosongoka kutsogolo zija. Zikakoma, ntchito yonse ya nsapato m'nyumbamo ikhala yake.

Belkacem anasankha chikopa chobiriwira, mtundu waulemu kwawo. Atakhuthula thumba la nsapatozo, kutatsala masiku atatu kuti sewero liyambe, oimba anabalalika ngati aona njoka. Kani anthu a zisudzo ku France savala chobiriwira pasiteji, ati chimaitana tsoka. Mayi Vachot anamuuza kuti atole zinyalala zakezo, aitana mmisiri wina.

"Mayi, sulutani wanuyu ali ndi asilikali a malupanga, koma akuopa nsapato?" anatero Belkacem. "Ndipatseni mpaka Lachinayi."

Chitseko chake sichinatsegukenso. Nsapato iliyonse anaipaka utoto wagolide, kawirikawiri, mpaka zala zinatupa. Lachinayi zinafika zili waliwali, moti Bambo Fourcade, woimba wamkulu, anachita kulanda zokongola koposa.

Sewero linagwira mtima. Anthu anaseka chogwira nthiti, m'manja osaleka, nsalu yotchinga n'kukwezedwa kasanu ndi kawiri. M'mawa mwake Fourcade ankadzitama kuti chawapulumutsa n'chakuti anakana chikopa chamalodza chija. Belkacem anagwada ngati akufuna kumuyeza phazi, nakanda nsapatoyo ndi chikhadabo. Pansi pa golide panali biriwiri.

"Bwana woimba, dzulo lonse mwavina mutavala tsoka lanu. Mwendo wathyoka ndi uti?"

Fourcade anaseka mpaka kutsokomola. Analamula kuti wina asayerekeze kusintha nsapatozo, poti anthu a zisudzo omwewo sataya chimene chawabweretsera mwayi. Mayi Vachot anam'patsa ntchito ija tsiku lomwelo, namunong'oneza kuti oimba ena asamve za chobiriwiracho. Belkacem sanauze munthu, koma chikwangwani cha pakhomo pake anachipaka chobiriwira.