Mlamu wanga sanali wamisala

Chizindikiro choyamba tinachiona m'chilimwe, chaka chimene mchimwene wanga anabwera ndi mkazi wake Neema kuno ku Golomoti. Mlamu wangayo anathawa nkhondo kwawo ku Congo, ndipo Chichewa ankachimva mwa apo ndi apo. Tsiku lina tikuchokera kumjigo, gule anatulukira m'njira, chikwanje kumanja, ana akukuwa pambuyo. Ife tinangopatuka monga mwa masiku onse. Neema anaponya ndowa, liwiro la kunyumba, n'kukalowa pansi pa bedi.

Anthu anaseka mpaka misozi. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti akuluakulu a ndevu zawo anayamba kutuma ana kuti azikakuwa pawindo pake kuti, "Akubwera!" Zoona munthu woti anaona abale ake akuphedwa ndi zikwanje, n'kumusandutsa choseweretsa? Anthu opanda manyazi!

Patapita milungu ingapo anasiya kutuluka panja. Sankagona tulo, chakudya ankangochiyang'ana, ndipo akangomva ng'oma thukuta linkangoti kamukamu. Kenako anasiya kuyamwitsa khanda lake, Chikondi, ndipo mwanayo anayamba kuwonda ife tikuona. Ena amvekere ndi ziwanda, ena akuti wapenga, abwezedwe kukampu ya anthu othawa nkhondo koma mwana atsale. Apo m'pamene ndinalusa. Ndinamukweza kabaza, ine mwana kumsana, ulendo wa kuchipatala.

Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anamuyeza malungo, sanawapeze. Namwino wina wodziwa Chiswahili ndi amene anakhala naye pansi, ndipo Neema analankhula kwa nthawi yaitali, zinthu zimene ife apabanja tinali tisanamufunsepo. Adokotala anati, "Mayi awa si amisala. Mtima wawo ukadali kunkhondo. Ndi matenda, ndipo amachizika."

Anamupatsa mankhwala, n'kutiuza kuti tizipita mwezi ndi mwezi kukalandira uphungu. Sanachire msanga ayi, masiku ena ankabwerera m'mbuyo. Ine ndinkamufotokozera pang'onopang'ono kuti gule amavina pamaliro ndi pachinamwali, ndipo sasaka iye.

Lero Neema akugulitsa mandasi kumsika, Chikondi akuyenda. Ng'oma ikalira amandigwira dzanja, koma sathawanso. Mukaona mlendo akuopa zimene inu munazolowera, musamuseke, pitani naye kuchipatala msanga. Aja ankatuma ana aja masiku ano amagula mandasi kwa iye, akumwetulira. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzapepesa.