Sevidolo ya Mbatata ndi Nsalu ya Apongozi

Kamiyao inali italiza kale injini pamene ndidauza mkazi wanga kuti ndikupita. Inali ya matabwa, yochokera ku Malawi, ikutsikira ku Beira. Woyendetsa adati pamwamba pali malo.

"Mpaka liti?" adafunsa make Rozina, mwana ali kumsana.

"Mpaka ndipeze."

"Mupeze chiyani?"

Sindinkadziwa. Ndidakwera.

Tinali titabwerako ku Malawi komwe tidathawira nkhondo. Munda unalipo, wa kwa apongozi, chifukwa ine pa Zobue ndine mkamwini. Khasu linalipo. Chogulira sopo panalibe. Ku Moatize ndidayesako, koma nthawi imeneyo migodi inali itagona, amuna akungosewera bawo pansi pa mitengo. Ndiye Beira.

Ku Beira ndidapeza ulonda pa kampani ina yaing'ono. Kuseri kwa ofesi kunali chipinda chotseka, chozizira ngati Zobue mwezi wa chisanu. Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti amasungamo nsomba. Tsiku lina Senyoro Kasamo, mwini makina, adandiitana kuti ndimugwirire tochi. Munalibe nsomba. Munali mabokosi achitsulo, akungong'ung'udza, timagetsi tikuphethira.

Iye adatopa ndi kuitanidwa Loweruka ali kunyanja ndi ana ake. Adandifunsa ngati ndimawerenga.

"Ndidalekera kalasi yachinayi."

"Yakwana. Uzilemba zomwe ndakuuza. Zako usawonjezere."

Umo ndi momwe ndidalowera. Mabokosi aja ndiwo masevidolo. Sevidolo ndi komputadolo, kapena kuti kompyuta, yomwe siizimitsidwa. Imasunga masamba a pa intaneti. Munthu ali kutali akagogoda, iyo imampatsa tsamba lomwe wapempha. Basi. Koma siigwira yokha. Ili ndi timapulogalamu toithandiza. Kena ndi nkhokwe, kamasunga mayina ndi mitengo. Kena kamakopera zonse n'kuika pena, kuti bokosi likafa zinthu zisafere limodzi. Kena ndi kamlonda: pulogalamu yaikulu ikagwa kamaidzutsa, ikakana kudzuka kamatumiza uthenga pa foni. Kamlondako ndidakakonda. Tinali antchito amodzi.

Chovuta chinali tsamba la malamulo, pomwe umauza sevidolo khomo loti izimvetsera ndi chipinda momwe muli masamba. Ukaiwala kadontho kamodzi, yonse imakhala chete. Senyoro Kasamo ankati uyese kaye malamulo usanaidzutsenso. Kamodzi sindidayese. Adabwera ndi mchenga kumapazi, sadalankhule nane mpaka Lachitatu.

Ndinkagona ku Munhava, m'kachipinda ka malata. Anansi ankalankhula Chisena, ine ndinkangovomera ndi mutu. Lamulungu ndinkachapa malaya, kenako n'kukhala kuwayang'ana akuuma. Ndalama ndinkapatsira oyendetsa makamiyao. Nthawi zina zinkafika zonse, nthawi zina zinkafika zitaonda. Make Rozina ankabweza ndi kathumba ka nyemba ndi mawu: onse ali bwino, mbuzi yabala, amayi akupereka moni. Mafoni atabwera ndidagula awiri, imodzi n'kutumiza kwathu. Foni ikalira mtima unkati ndi iye. Ndikayang'ana, ndi kamlonda kakudandaula za sevidolo. Zaka zimenezo makina ndiwo adandilembera kwambiri kuposa munthu aliyense.

Kwathu ndinkapita pa Khirisimasi pokha. Chaka china make Rozina adaimba yekha, ndi ndalama zake.

"Bambo a Rozina, denga lija ndafoleranso ndekha. Chaka chamawa ndipeza wofolera, ndipo sadzachoka akamaliza."

Adaseka. Ine sindidaseke.

Mwayi wake, migodi ya ku Moatize inali itadzuka. Anthu adadzaza, ndipo anthu amadya. Alimi a mbatata a kwathu adapanga bungwe, mtsogoleri wake a Jasitino, mphunzitsi wopuma. Ankafuna tsamba loti ophikira antchito a m'migodi aziona kuti kuli matumba angati, a mtengo wanji, n'kuitanitsa asanatumize galimoto. Adandiitana, nati tsambalo likayenda, bungwe lizindisunga pa ntchito. Likakana, aliyense abwerere komwe anali. Kwa ine kumeneko kunali ku Beira.

Senyoro Kasamo adandipatsa mabokosi awiri akale, lina lamoyo, lina lakufa loti ndizichotsako zitsulo. Adati, "Pita, mbuzi iwe. Uziyesa kaye malamulo."

Ndidaika sevidolo m'kachipinda ka bungwe, kuseri kwa nyumba yosungira mbatata, pafupi ndi msewu wa kumalire. Chingwe cha intaneti tidagawana ndi ofesi ina yoona za mapepala a makamiyao. Ndidakhazikitsa nkhokwe, kokopera ndi kamlonda. Ndidalemba malamulo, ndidayesa, ndidadzutsa. Tsamba lidatuluka: mbatata, nyemba, kabichi. A Jasitino adaliona pa foni yawo ataima panja, n'kulowa kudzaona bokosi, n'kutulukanso. Adachita choncho mpaka ndidawapatsa mpando.

Wogula wamkulu anali Dona Felizarda wa ku Moatize, mayi wa Chinyungwe wophikira antchito ambiri. Ankatsegula tsamba masana, akamaliza kugawa chakudya. Ndipo masana ndi pomwe sevidolo idayamba kufa.

M'mawa inkayenda bwino. Ndikapita kumunda dzuwa litakwera, foni inkalira. Kamlonda: yagwa, ndalephera kuidzutsa. Ndidathamanga. Ndidapeza bokosi litafundidwa nsalu yatsopano ya maluwa, yopindidwa kawiri, m'mbali mwake atayipisira bwinobwino ngati mwana wakhanda. Ndidagwira chitsulo. Chinali chotentha moti ukadawotchapo chimanga. Makina akatentha amadzizimitsa okha. Ndidachotsa nsalu, ndidaipinda, ndidaika pampando. Mawa lake inali itabwerera pabokosi, pamwamba pake atawonjezera kansalu koluka.

Tsiku lachitatu ndidabwerera msanga. Ndidaona pakhomo tsache, ndi msana womwe ndimaudziwa. Apongozi anga aakazi. Bungwe lidawapatsa ntchito yosesa. Ankafunditsa bokosi akuyimba nyimbo ya ku tchalitchi. Ndidabwerera cham'mbuyo mpaka kuseri kwa matumba.

Wakutali sangamvetse. Kwathu mkamwini saima pamaso pa apongozi n'kuwauza kuti mwalakwitsa. Ngakhale m'njira timapatukirana. Moni timapatsana chapatali, nditagwada, maso kumbali. Munda ndikulimawo ndi wao. Mwana wao ndidamusiya zaka zonse zija, iwo ndiwo ankathandiza. Ndiye ndibwere ndi bokosi la ku Beira ndiyambe kuwaphunzitsa?

Ndidauza make Rozina kuti akawauze. Adapita, adabwera akuseka.

"Akuti chinthu cha mtengo sichikhala maliseche. Fumbi la makamiyao lonseli, ndi kuzizira kwa kuno. Akuti wailesi yao adaifunditsa kuyambira ku Malawi ndipo ikulankhulabe."

"Ichi chimapuma. Chimafuna mphepo."

"Ndawauza. Akuti amva chikupuma movutika, n'chifukwa chake awonjezera."

"Ukawauzenso."

"Nsaluyo adagula ndi ndalama za tomato wao, chifukwa cha inu. Akuti mkamwini wao wabwera ndi nzeru, anthu asaone ngati alibe omusamalira. Pitani mukawauze nokha, a katswiri."

Ndidapita kwa a Jasitino kuti asinthe wosesa. Adandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndichotse apongozi ako, ndinene kuti wapempha ndani?" Ndidapempha loko. Adati kiyi ya chipinda imakhala kwa wosesa.

Ndidakwera chapa, kaminibasi ka kwathu, kupita ku Moatize kukapepesa kwa Dona Felizarda. Ndidamupeza pakati pa miphika, thukuta lili thoo, akulalatira munthu wa anyezi. Adasakaniza Chinyungwe ndi Chiputukizi, koma ndidamva zonse.

"Compadre, tsamba lako limagona masana ngati bwana. Lachisanu ndikuitanitsa za mwezi wonse. Ndikalipeza litagona, ndikagula ku Tete. Wadya?"

Adandipatsa mpunga ndi nyemba. Nyembazo sizinali zathu.

M'chapa pobwerera ndidaganiza za kachipinda ka ku Munhava ndi malaya akuuma. Tisanafike pa Nkondezi ndinali nditakumbukira bokosi lakufa lomwe linali pansi pa bedi.

M'mawa mwake ndidakhoma thabwa pamwamba, pafupi ndi denga, pomwe pali kabowo ka mphepo. Ndidakweza sevidolo yamoyo pamenepo, kutsogolo ndidatchinga ndi madengu akale a bungwe, m'mbali ndidasiya mpata. Zingwe ndidadutsitsa kuseri kwa mtengo wa denga. Patebulo ndidaika bokosi lakufa, nditalipukuta. Ndidalumikiza kanyali kamodzi kobiriwira ndi kachipupizira kamodzi kuti lizing'ung'udza. Kenako ndidayesa malamulo, ndidadzutsa yamoyo, ndidauza kamlonda kuti kazindiuzanso za kutentha. Ndidapita kumunda.

Foni siidalire. Ndidaitulutsa m'thumba kangapo kuona ngati ili ndi moto. Madzulo ndidasuzumira: bokosi lakufa litafundidwa bwino, lamoyo lili pamwamba likupuma mphepo ya ku phiri. Make Rozina ndidamuuza. Adakhala pansi ndi kuseka mpaka Rozina adabwera kudzafunsa ngati amayi akudwala.

Lero sevidolo ija idalowedwa m'malo ndi ina, ogula achuluka, denga ndimafolera ine. Ku Beira ndidaphunzira kuti vuto umalilondola mpaka pomwe layambira n'kulichotsa. Kuno pomwe layambira pamakhala munthu, ndipo munthuyo umadya kwake.

Lachisanu lija alimi adasonkhana panja pa nyumba ya mbatata, amuna pamatumba, amayi pamphasa. Dzuwa litapendeka foni ya a Jasitino idalira. Adawerenga mokweza zomwe Dona Felizarda adaitanitsa: mbatata, kabichi, ndi nyemba zomwe. Galimoto ibwera Lolemba. Amayi adaimba nthungululu. A Jasitino adandigwira dzanja nati ntchito ndi yanga, za ku Beira ndiiwale.

Kenako adafunsa pamaso pa onse. "Koma a Bonifasiyo, tiuzeni. Chinkaivuta n'chiyani masiku aja? Mwaichiza bwanji?"

Ndisanatsegule pakamwa, mawu adachokera pamphasa, kumbuyo. Apongozi sadayang'ane kwa ine. Ankalankhula ndi mwana wao, koma mokweza kuti onse amve.

"Make Rozina, uwauze bambo a Rozina asavutike kufotokoza. Chinali chisanu. Lachitatu ndidawonjezera bulangete langa la ku Malawi. Kuyambira pamenepo sichinadwalenso."

Amayi adawomba m'manja. Wina adati nzeru za akulu. Make Rozina adaluma nsonga ya chitenje, mapewa akugwedezeka, maso ali pa ine.

"N'zoona, a Bonifasiyo?" adatero a Jasitino.

Ndidagwada pang'ono cha komwe kunali apongozi, ndidawomba m'manja kawiri. Ndidatola chipewa ndi khasu, ndidalowera njira ya kumunda.