Ayi wa m'sewero lathu

Chaka chimene ndinkaperekera zakudya pa loji ina ku Nkopola, abwana anatiuza kuti pa phwando la antchito tichite kasewero. Poti tsiku langa lopuma linkathera m'mavidiyo kwa Mponda, anzanga anati wolemba ndikhale ine.

Ndinalemba zomwe ndinkaonera. Mnyamata afunsira mkazi pamsewu, mkazi akana. Amutsata mpaka kwawo, akanabe. Kenako amugwira mkono, amukokera pachifuwa, mkazi avutavuta pang'ono n'kumwetulira. Kwa ine chikondi chinkayenda choncho. Nyimbo za m'minibasi nazonso zinkati ayi wa mkazi ndi manyazi chabe.

Mbali ya mkazi tinapatsa mayi ena ochapa zovala palojipo, a ku Chowe, aakulu kwa ine ndi zaka zingapo, oseka mokweza. Mbali ya mnyamata anatenga mlonda wathu, munthu wamtali, wofatsa. Tinkayeserera masana kuseri kwa khitchini.

Titafika pokokana paja, mayiwo anaima n'kukonza mpango kumutu.

"Achimwene, apa mwalemba kuti ndimwetulire?"

"Eya, achemwali. Pamenepo ndiye kuti mwalola."

"Ndakana katatu. Ndalola liti?"

Ndinati m'mafilimu zimatero. Anaseka mpaka kukhala pa ndowa.

"Ine zinandichitikirapo zimenezi padepoti," anatero. "Sindinamwetulire. Ndinathawa, patapata kutsala pomwepo, ndipo mwezi wonse ndinkazungulira njira ina. Wa mufilimuyo amamwetulira poti ndi ntchito yake."

Mlonda anali atausiya kale mkono wawo, manja atabisa kumbuyo. Ine ndinakumbukira mtsikana wina wogulitsa m'sitolo amene ndinkamudikirira tsiku ndi tsiku poweruka, chikhalirecho anali atandikana. Manyazi anandigwira, ndipo kusitoloko sindinakaimenso.

Sewero tinalisintha. Tsiku la phwando, mayiwo atangoti ayi, mlonda anavula chipewa nati, "Pepani, ndamva," n'kutembenuka. Amuna kumbuyo anayamba kukuwa kuti abwerere, ati mwamuna sagonja. Iye anangopitirira, ndipo poti sitinamuuze pokaima, anayenda mpaka kugeti n'kukhala pampando wake wa ntchito. Amayi oonerera anaseka mpaka misozi, ena kululuta.

Mayi aja anatsala okha pabwalo. Anayang'ana amuna okuwawo nati, "Mwaona? Wapita bwinobwino, palibe wafa." Mawu amenewo sindinalembe ndine.

Pakudya mtsutso unakula. Wophika wathu anaumirira kuti akanamvera ayi woyamba sakanakwatira. Akazi ake, omwe anali pambali pake, anamuyankha kuti ayi uja anali weniweni, ndipo anadzalola patapita chaka, atasiya kuwavutitsa. Wophikayo anakanda mutu n'kuwonjezera mpunga m'mbale mwawo.

Mlonda tinakamutenga kugeti chakudya chitatsala pang'ono kutha. Anatifunsa ngati sewero latha.