Njira Ziwiri Zinapsera pa Phiri Limodzi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi malume, oyendetsa shapa, minibasi ya ku Furancungo. Anamva kwa munthu amene anamunyamula kuti kakampani kena kakufuna tekiniko wosamalira rede, netiweki ya zipatala za kumidzi. Ndinapita ndi alikate, pulayala yobwereka, matama ali tho ngati ndine ndinapanga magetsi.

Shefe wanga wa pantchitopo, a Zakeyu, anandiphunzitsa chinthu chimodzi mpaka makutu kuwawa. Chipatala chilichonse chinali ndi njira ziwiri zotumizira mauthenga: waya wa fibra, ndi antena yoloza paphiri. Pakati pake panali roteyadolo, kabokosi kosankha njira. Fibra ikaduka, kankatembenukira ku antena munthu asanaphethire n'komwe. Mwezi uliwonse tinkazula waya dala kuti tione ngati kasintha. "Njira yachiwiri si yokongoletsera," ankatero.

Chakumtunda kwa Chidzolomondo kunali kachipatala kumene foni sinkagwira. Anamwino ake, mayi Rozalina, ankaitana ambulansiya kudzera mu rede yathu basi.

Tsiku lina m'chilimwe anthu anatentha tchire posaka mbewa, moto n'kukwera phiri. Pakompyuta yathu kachipatala kaja kanafiira, kusonyeza kuti rede yaduka. Tinadikira kuti roteyadolo asinthe njira, koma zii. Tinakwera mota, njinga yathu yamoto.

Paphiri tinapeza fibra itasungunuka, ndipo pambali pake bokosi la mabatire a antena lili phulusa lokhalokha. Omanga anadutsitsa njira zonse ziwiri pamalo amodzi pofuna kuchepetsa ntchito. Kuzula waya mu ofesi sikukanatiuza zimenezi.

Tinasenda fibra, kuidula bwino, n'kuilumikiza ndi makina ake, maondo akupsa ndi nthaka. Titatsikira kuchipatala tinapeza mayi Rozalina atakhala pakhonde. Kuyambira m'mawa anali ndi mayi wobereka kumene amene ankataya magazi. Ambulansiya italephera kuitanidwa, achibale anamukweza pa ngolo, ndipo mayiyo anatsirizikira panjira.

"Mwabwera, a tekiniko?" anatero. "Ndaona, yagwira tsopano. Nanga ndiitanire ndani?"

A Zakeyu anangovula chipewa. Ine ndinalira, sindibisa, ndipo zimandiwawabe.

Mpaka lero munthu akandionetsa njira ziwiri pakompyuta sindivomera msanga. Ndimatuluka n'kuzilondola zonse ndi mapazi, kufunafuna pamene zakumana. Anzanga amati ndimachedwetsa ntchito, ndipo sindiwatsutsa. Mayi uja nkhope yake sindinaione, koma ndiye amandiyendetsa m'mapirimo.