Nyimbo yanga ya thonje pa msika wa Petauke

Ndinayamba kupeka nyimbo ndili kumunda kwathu ku Ndake. Makolo anga anachokela ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ndipo amai ankaimba pokolola thonje. Ine ndinatengela iwo. Nditakula ndinkapekela kwaya ya kuchalichi kwathu, ndipo nyimbo ina yothokoza Mulungu pa zokolola za thonje inakondedwa kwambili. Tinakaijambula mu situdiyo yaing'ono ku Petauke. Masiku amenewo tinkagulitsa masidi tikatuluka m'chalichi, ndipo gawo la wopeka linkafika m'manja mwanga. Ana anga awili anaphunzila nalo sukulu.

Kenako mafoni anachuluka, masidi n'kungokhala m'katoni. Koma nyimboyo sinafe. Ndinkaimva m'mabasi a ku Chipata, pa chigayo, ngakhale pa malilo.

Tsiku lina ku msika wa Petauke ndinaima pa kashopu ka bambo wina amene amaikila anthu nyimbo m'mafoni. Ndinamufunsa ngati ali nayo ya thonje.

"Ilipo, amai. Imeneyo imayenda kwambili," anatelo akutsegula kompyuta.

Pamene panayenela kukhala dzina la kwaya yathu panalembedwa kuti "Kwaya ya Kumudzi". Mau ake anali osamveka bwino chifukwa chokopedwakopedwa.

"Bambo, nyimbo iyi ndinapeka ndine," ndinamuuza.

Iye anayankha kuti, "Pepani amai. Ine ndinaipeza m'foni ya munthu. Ndiifafanize?"

"Ayi. Mukaifafaniza inu, anzanu apambalipa ali nayo. Mailo ndikubweletselani yomveka bwino."

Ndinabwelela ku situdiyo kuja. Tinatenga nyimbo yoyambilila, n'kuonjezela mau anga kumayambililo, onena dzina langa, la kwaya ndi kumene tipezeka. Ndinaipeleka kwa bambo uja ndi kwa anzake onse a mzele umenewo, kwaulele. Amuna anga sanagwilizane nazo.

"Ukupatsa akuba mbeu?" anandifunsa.

"Anatenga kale. Chimene ndifuna tsopano n'chakuti adziwe mwini wake."

Patapita miyezi ndinakwela basi ya ku Lusaka kukalembetsa nyimbo zanga ku bungwe loona za opeka. Mai amene anandilandila anandifotokozela mosabisa kuti ndalama za pawailesi zimabwela mochedwa, ndipo za pa intaneti munthu mmodzi akamvela sizikwana ngakhale kanjele ka mchele. Ndinalembetsabe zonse, ndipo anandionetsa moziikila pa intaneti m'dzina langa.

Ananena zoona. Zimene zimalowa m'foni mwanga kuchokela kumeneko n'zogulila sopo ndi mafuta ophikila, osati zolipilila sukulu ngati kale. Chimene chinasintha n'chakuti anthu anayamba kutifunafuna. Banja lina la ku Sasare linatiitana ku ukwati, ndipo linapempha nyimbo yatsopano yochula mudzi wao. Makwaya a ku Nyimba amanditumizila uthenga kuti ndiwapekele, ndipo timagwilizana mtengo ndisanayambe. Kale ndinkachita manyazi kunena mtengo, lelo ndimaunena poyela.

Kapekedwe kanganso kanasintha. Munthu wa foni sadikila, akaona kuti zikuchedwa amadumphila ina, choncho kolasi ndimaiika patsogolo. Atsogoleli ena a kwaya amati ndikuthamangitsa nyimbo za Mulungu. Ndimawasiya aimbe mavesi onse m'chalichi, mmene anthu amakhala pansi n'kumvetsela. Ya m'foni ndimaidula ndekha, ndipo chaka chino ndajambula zina zatsopano m'Chinsenga.