Lighton, Manijala wa pa Giridi

Pakampani yathu yogulitsa chakudya cha nkhuku kuno ku Kafue, wa makompyuta anali mmodzi yekha, Lighton. Ine ndine wa kusitolo, ndipo tebulo langa linkayang'anana ndi lake, choncho matama ake ndinawamva mpaka makutu kuwawa. Chikwama cha laputopu ankapita nacho ndi kuchimbudzi komwe. Kompyuta ikakuvuta, ankayamba wakufunsa kuti sukulu unalekezera pati, kenako n'kungoizimitsa ndi kuiyatsanso.

Chimene ankanyadira kwambiri chinali pulogalamu yosunga mayina a antchito. Pasikirini pankaoneka giridi, ndiye kuti tebulo la timabokosi ta dzina, nambala ndi udindo. Mayina enieniwo ankakhala m'nkhokwe ya deta, giridi inkangotapako n'kuonetsa. Pa fulemuweki yakale, ndiye kuti maziko amene anamangirapo pulogalamuyo, ulembe chilichonse m'timabokosimo, ukangotseka chafufutika, m'nkhokwe osasintha kanthu.

Lighton anapezerapo njira ya ukwati. Ankafunsira Mainess, telala wa ku Nangongwe, ndipo ankaopa kuti bambo a mtsikanayo, a Obed, amene anapuma ntchito kunjanji, sangalole mkamwini wamba. Ndiye mnzathuyu ankalemba pa dzina lake kuti Manijala, n'kujambula ndi foni, n'kutumiza kwawo kwa Mainess. Koma kampani singakhale ndi mamanijala awiri. Bwana weniweni, mayi Edna, ankayenera kupatsidwa udindo wina, ndipo pa maudindo onse a pansi pano Lighton ankawasankhira wosesa. Akalemba ankaseka yekha mpaka misozi. Ine zinkandinyansa.

"Ba Lighton, ivi vizakugwilani siku imozi," ndinamuuza.

"Iwe ziba chabe masaka yako," anandiyankha. "Grid siisunga, ni display chabe."

Kenako kampani inagula makompyuta atsopano, fulemuweki yakale ija n'kukana kuyendamo. Pulogalamu inayenera kusamukira ku vesheni yatsopano. Kumeneko giridi imamangidwa ku deta mwa njira ina, ndipo wolemba amasankha yekha: ikhale yongoonetsa, kapena zolembedwamo zizibwerera m'nkhokwe. Koma kuwerenga malangizo Lighton ankakuona ngati kudzitsitsa. Anakopera chitsanzo pa intaneti, mayina n'kuoneka, iye n'kuyamba kulengeza kuti wapulumutsa kampani. Chitsanzocho chinali cha giridi yosunga.

Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Sabata yomweyo a Obed anavomera kulandira ankhoswe, ndipo Lighton anaganiza zowatumizira chithunzi chatsopano, cha pakompyuta yonyezimira. Analemba monga mwa nthawi zonse, n'kujambula, n'kutseka. Madzulo ake mayi Edna anamuuza kuti atumize mayina onse ku Lusaka kwa osindikiza makadi a ntchito. Anatulutsa fayilo m'nkhokwe n'kuitumiza osaitsegula n'komwe. Munthu wodziwa zonse ayang'anirenji?

Makadi anabwera, n'kugawidwa pamsonkhano wa m'mawa tonse tilipo. Mayi Edna anayang'ana yawo nthawi yaitali, kenako anapempha kuona ya Lighton. Yawo inalembedwa kuti Wosesa, ya Lighton kuti Manijala.

"Ba Lighton, ichi n'chani?"

"Madam, ni version," anatero iye, thukuta kamukamu. "Version ya manje ili na problem ya binding."

"Oho. Version ndiye inanisankhila nchito yopyanga?"

"Kapena ni virus, madam."

Ngakhale pamenepa munthuyu sanathe kunena kuti pepani. Mayi Edna anamubwezera kadi yake ndi manja awiri.

"Tengani, ba Manager. Mukachite manage kunyumba kwanu."

Masiku ano mukamupeza Lighton pamsika, pakatebulo kothira nyimbo m'mafoni, kadi ija ili lende m'khosi. Aliyense woima pamenepo amamva za kuipa kwa mavesheni atsopano.

Za ukwati zinatha tsiku la makadi lomwelo, poti Kafue ndi yaing'ono ndipo nkhani inafika ku Nangongwe dzuwa lisanapendeke. Lighton anathamangira komwe Mainess amasokera, n'kuyamba kumufotokozera za giridi ndi fulemuweki. Mlongo wanga anali pomwepo, akuyesa diresi. Akuti Mainess anaimitsa makina n'kumuyang'ana, misozi ili lengelenge m'maso.

"Ba tata sibanakambepo za Manager," anatero. "Benze bakuvomela kalekale, pamene nenze nabauza ati ndiwe wa ma computer chabe. Manje bakuti munthu wa boza sangene mu nyumba yao. Naine nabavomeleza."