Jekete M'mwezi wa Okutobala

Loweruka ndinapita kukaonera basiketibolo ku Matero nditavala jezi ya ba Zulu, amene anatiphunzitsa kuponya mpira tili ana. Tsikulo ankaphonya ngakhale ali pansi penipeni pa neti, akupuma ngati minibasi yokwera chitunda.

"Bakalamba aba, bapumule chabe!" anakuwa wina kumbuyo kwanga. Ena ankatsutsa kuti vuto ndi mawondo basi.

Ine ndinavala jekete kubisa jezi ija, dzuwa likuswa mtengo, n'kukuwa kuposa onse kuti ba Zulu anatha kalekale: "Banasila kudala!"

Masewera atatha, ba Zulu anandipeza thukuta lili kamukamu.

"Vula, mwana wanga, uzadwala. Jezi nayiona kudala."

Sindinavule. Ndinafika kunyumba ndikununkha, koma chimene chinkandinyansa si fungolo.